Makaniko Wogwira Ntchito Masana Okha M'thupi la Nsomba

Kamwana ka nsomba kakangoswedwa kumene kamakhala koonekera mkati. Mamba kalibe, khungu silinade, ndipo mphamvu zothawira kumadzi akuya sikanakhale nazo. Chambo chathu chimafungatira mazira ndi ana m'kamwa, kotero iwo amayamba moyo ali pamthunzi. Koma nsomba zambiri za m'nyanja zikuluzikulu zimangotaya mazira m'madzi n'kumapita, mazirawo n'kumayandama pafupi ndi pamwamba, pamene dzuwa la masana limagwera lonse. Inu mukudziwa zimene dzuwa la mu Okutobala limachita pamsana pa munthu amene wavula malaya kumunda. Nanga kanthu kopanda chofunda kameneka kamapulumuka bwanji?

Njira zimene kamadzitetezera ndi zingapo, koma imodzi ndi yodabwitsa kuposa zinazo, chifukwa mphamvu yokonzera chimene dzuwa lawononga imachokera ku dzuwa lomwelo.

Kuwala kwa dzuwa si chinthu chimodzi. Utawaleza umationetsa zimenezi mvula ikamakata: kufiira mbali ino, kenako chikasu, kubiriwira, mpaka buluu ndi pepo mbali inayo. Kupitirira pamene maso athu amalekezera kuli cheza china chosaoneka chimene amachitcha UV. Akatswiri amachigawa patatu poyeza ndi muyeso wochepetsetsa wotchedwa nanomita. Cha UVC, chomwe ndi choopsa kwambiri, chimatsekerezedwa ndi mpweya wa ozoni kumwamba ndipo sichifika pansi. Cha UVA, cha pakati pa nanomita 315 ndi 400, chimafika chambiri. Chapakatikati, cha UVB, cha nanomita 280 mpaka 315, chimafika chochepa, koma ndicho chimawaula khungu, ndipo ndicho nkhani yathu ikukhudza kwambiri.

Chimene UVB imawononga ndi DNA, ulusi wautali umene uli mkati mwa selo lililonse, mmene munalembedwa malangizo onse a kapangidwe ka thupi. Malangizowo analembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, T, G ndi C, zondondozana mzere umodzi. Kansomba kotchedwa zebrafish, kamene kamachokera ku mitsinje ya ku India ndi maiko oyandikana nawo ndipo ndi kachibale ka usipa ndi mpasa, kali ndi zilembo zoterezi pafupifupi 1.4 biliyoni.

Tsopano tiyeni tipite panja pomwe pali njinga. Gwirani tcheni n'kuchiyang'ana bwino. Chili ndi mfundo zambirimbiri zolumikizana, ndipo mfundo iliyonse iyenera kupindika payokha kuti ikhale bwino pa mano a fuliwilo. Njinga ikagona pamvula masiku angapo, mfundo ziwiri zoyandikana zimatha kugwirana ndi dzimbiri n'kuuma ngati ndi imodzi. Tcheni sichinaduke, mfundo zonse zilipo, palibe chimene chagwa. Koma mukamapalasa, malo oumawo akafika pa fuliwilo mumamva kuti kha! Pedulo n'kulumpha. Nthawi zina tcheni chimangokakamira, nthawi zina chimadumpha dzino n'kupitirira. Wakabaza aliyense amalidziwa phokoso limeneli, ndipo amadziwa kuti silibwera ndi zabwino pamtunda.

Cheza cha UVB chimachita chimodzimodzi pa DNA. Pamene zilembo ziwiri za T zayandikana pa ulusi umodzi, kapena T ndi C, cheza chija chikagwerapo zilembozo zimamatirirana n'kukhala chinthu chimodzi chopindika. Kumatirirana kumeneku kuli mitundu iwiri. Wofala kwambiri, umene umatenga pafupifupi magawo atatu mwa anayi, amautcha CPD. Winawo amautcha 6-4, ndipo umapinda ulusi kwambiri ngakhale kuti umachitika mochepa. Mano a fuliwilo m'selo ndi mapuloteni amene amayenda pa ulusiwo n'kumawerenga chilembo chimodzichimodzi, pofuna kupanga zofunika m'thupi kapena kukopera DNA yonse selo likamagawikana. Akafika pa mfundo youma amaima, ndipo mfundo zoterezi zikachuluka selo limafa. Akadumpha n'kuikapo chilembo cholakwika, cholakwikacho chimakhala mpaka kalekale, n'kupita kwa maselo onse obadwa kuchokera pamenepo. Khansa ya pakhungu imayambira pa zolakwika zotere.

Tcheni chouma chimakonzedwa m'njira ziwiri. Makaniko wina amatenga nyundo ndi kamsomali, n'kugogoda mapini mbali zonse ziwiri, kuchotsa chidutswa chonse chimene pali vuto, n'kulowetsapo mfundo zatsopano. Ntchito yake ndi yodalirika, ndipo amakonza vuto la mtundu uliwonse, kaya mfundo yauma, yapindika kapena yang'aluka. Koma imatenga nthawi ndipo imadya sipeya. Selo lili naye makaniko wotere. Mwa munthu, gulu la mapuloteni limadula kachidutswa ka zilembo pafupifupi 30 mozungulira malo owonongeka n'kulembamo zatsopano. Apa njinga ikutisiya pang'ono, chifukwa DNA ili ndi maulusi awiri opotana, ndipo wina ukadulidwa selo limaonera pa unzakewo kuti lidziwe zilembo zoyenera kubwezerapo. Makaniko ameneyu sasankha nthawi, amagwira usana ndi usiku. Kungoti pa mfundo za CPD ndi wochedwa, moti tsiku lathunthu limatha zina zikadalipo.

Makaniko wachiwiri sadula kanthu. Amagwira mfundo ziwiri zogwiranazo, kuzithyola pamene zamatirirana, tcheni n'kumapindikanso ngati kale. Sipeya safuna. Dzina lake ndi photolyase, puloteni imodzi yokha, ndipo nsomba zili nayo. Vuto lake ndi limodzi: ntchito amagwira pokhapokha pali kuwala.

Tiyeni timuyang'ane pafupi mmene amachitira. Photolyase imayendayenda pa DNA mpaka itapeza malo opindika. Ikapeza imakhalapo, n'kukankhira zilembo ziwiri zomatirirana zija kunja kwa ulusi kuti zilowe m'kathumba kamene kali pathupi pake. Zonsezi imatha kuchita mumdima, ndipo imakhala pomwepo kudikira. Pansi pa kathumbako pali kanthu kotchedwa FAD, kopangidwa kuchokera ku vitamini B2, ndipo chapambali pamakhala kanthu kena kothandiza kutchera kuwala. Kuwala kwa buluu, kapena kwa UVA koyandikana nako, kukangofika, mphamvu yake imapita kwa FAD, ndipo FAD imaponyera elekitironi imodzi, kanthu kochepetsetsa konyamula mphamvu ya magetsi, pa zilembo zomatirirana zija. Elekitironiyo ikalowa, zomangira ziwiri zimene zinagwirizanitsa zilembozo zimaduka, T aliyense n'kuimanso payekha, elekitironi n'kubwerera kumene inachoka. Palibe chimene chatha, ndipo photolyase imanyamuka kukafuna mfundo ina. Dongping Zhong ndi anzake a ku Ohio State University anayeza nthawi imene kumasulako kumatenga, ndipo anapeza kuti ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi imodzi. Nthawi yambiri imathera pa kufunafuna malo owonongeka, osati pa kukonza. Mfundo za CPD zili ndi photolyase yakeyake, za 6-4 zilinso ndi yake, ndipo zebrafish ili nazo zonse.

Munthu woyamba kuzindikira za makanikoyu sankamufuna n'komwe, ndipo sankagwira nsomba. Albert Kelner, ku Cold Spring Harbor ku America, ankawalitsa cheza cha UV pa tizilombo totchedwa Streptomyces griseus, tomwe timapanga streptomycin, mankhwala akale a TB. Zotsatira zake zinkamusokoneza mutu. Muyezo wa UV womwewo, lero tizilombo tambiri tapulumuka, mawa tochepa. Poyamba ankaganiza kuti nkhani ndi kutentha kwa malo amene ankatisunga. Atafufuza modekha anaona kuti timene tinkapulumuka kwambiri ndi timene tinkakhala poti kuwala kwa pawindo kukufika. Anayesa dala, ndipo zinatsimikizika: tizilombo tooneka ngati tafa kale tinkatsitsimuka kuwirikiza masauzande tikaikidwa pa kuwala wamba pambuyo pa UV. Anafalitsa zimenezi mu 1949, chaka chomwe Renato Dulbecco anaonanso zofananazo pa mavairasi a mabakiteriya ku Indiana. Mu 1958 Claud Rupert ndi anzake anaonetsa kuti wochita ntchitoyi ndi puloteni, ndipo mu 1978 wophunzira wa Rupert, Aziz Sancar wa ku Turkey, anapatula jini yake, chigawo cha DNA chimene chili ndi malangizo opangira puloteniyo. Sancar yemweyo analandira mphoto ya Nobel mu 2015, pamodzi ndi Tomas Lindahl ndi Paul Modrich, chifukwa cha kafukufuku wa kakonzedwe ka DNA.

Nsomba zinalowa m'nkhaniyi chifukwa zinali ndi yankho la funso limene mbewa za mu labotale sizikanatha kuyankha, poti izo photolyase zilibe. Madokotala ankadziwa kalekale kuti dzuwa limayambitsa khansa ya pakhungu. Koma UV imawononga zinthu zambiri m'selo, osati DNA yokha. Ndiye ungadziwe bwanji kuti chimene chikuyambitsa khansa ndi mfundo zouma zija, osati china? Ganizani za njinga imene ikulira malo asanu. Mukafuna kudziwa ngati kulumpha kwa pedulo kukuchokera ku tcheni, mumamasula mfundo zokhazo osakhudza china chilichonse, n'kukwera. Kulumpha kukatha, mwagwira wakuba. Photolyase ndi yoyenera pa mayeso otere chifukwa imakonza chinthu chimodzi chokha n'kusiya zina zonse mmene zilili, ndipo woyesayo amaiyambitsa ndi kuimitsa pongoyatsa kapena kuzimitsa nyale.

Mu 1977 Ronald Hart, Richard Setlow ndi Avril Woodhead anafalitsa mayeso otere. Anasankha kansomba kotchedwa Amazon molly, kamene sikachokera ku mtsinje wa Amazon ayi, koma kumwera kwa Texas ndi kumpoto chakummawa kwa Mexico. Nsombazi zonse ndi zazikazi. Zimakwerana ndi zamphongo za mitundu yapachibale, koma umuna umangodzutsa dzira kuti liyambe kukula, ndipo mwana amatengera mayi ake chilichonse. Choncho ukatenga maselo a nsomba imodzi n'kuwabaya mwa inzake ya banja lomwelo, thupi silimawakana. Ofufuzawo anatenga maselo a nsombazi n'kuwawalitsa ndi UV ali m'mbale. Ena anawabaya mwa nsomba zamoyo osawaonetsa kuwala kwina. Ena anayamba awaika pa kuwala kodzutsa photolyase, kenako n'kuwabaya. Patapita miyezi, nsomba za gulu loyamba zinatuluka zotupa za chithokomiro zochuluka kwambiri, pamene m'gulu lachiwiri zotupazo zinachepa kwambiri. Anachitanso china chimene ine ndimachiona kuti ndicho mutu wa mayeso onsewo: maselo ena anawaonetsa kuwala kuja UV isanawagwere, osati pambuyo pake. Amenewo sanatetezeke. Kunali kuitana makaniko njinga isanawonongeke, iye n'kupeza palibe chogwira n'kubwerera.

Setlow anapitiriza ndi nsomba zina, za mtundu wa Xiphophorus, ndipo mu 1989 anaonetsa kuti khansa yakuda ya pakhungu yoyambitsidwa ndi UV nayonso imachepa nsombazo zikaikidwa pa kuwala wamba pambuyo pake.

Ku Japan ofufuza anakonda kulera maselo a nsomba m'mbale, makamaka a goldfish, kansomba kofiirira kowetedwa m'magalasi komwe ndi kachibale ka ntchila ndi matemba, ndiponso a medaka, kansomba ka m'minda ya mpunga. Mayeso ake ndi osavuta kuwamva. Mbale ziwiri za maselo zimawalitsidwa ndi UV yofanana. Ina imakulungidwa kuti isaone kuwala, ina imaikidwa pansi pa getsi wamba wa chubu, wonga wa m'kalasi. Pakapita masiku, m'mbale ya mumdima mumamera timagulu ta maselo towerengeka, m'mbale ya pa getsi timadzaza. Mu 1992 Shinji Yasuhira ndi Akira Yasui anapatula jini ya photolyase ya goldfish, n'kupeza chinthu china chowonjezera. Kuwala sikungopereka mphamvu yogwirira ntchito, kumauzanso selo kuti lipange photolyase yambiri. Maselo amene akhala pa kuwala maola angapo amakhala ndi amakaniko ochuluka kuposa amene anali mumdima. Izi sizikutsutsana ndi za Amazon molly zija. Amakaniko angachuluke bwanji, mfundo zikauma amafunabe kuwala kuti azimasule. Ndipo selo la nsomba silidikira kuti maso aliuze kuti kwacha. Maselo a zebrafish olekanitsidwa ndi thupi, ali okha m'mbale, amamva kuwala paokha. Mu 2004 gulu la David Whitmore ku London linaonetsa kuti tiana ta zebrafish timene taona kuwala tikadali m'dzira timapirira UV kuposa timene takulira mumdima.

Zonsezi ndi za mu labotale. Pa dzuwa lenileni anayesa ku California, pa mazira ndi tiana ta nsomba yotchedwa northern anchovy. Russell Vetter ndi anzake anafalitsa mu 1999 kuti mfundo za CPD zimachuluka dzuwa likamakwera, zimafika pachimake chakumasana, ndipo zimatsika mofulumira dzuwa likapendeka. Chifukwa chake ndi chomveka. Dzuwa likapendeka, cheza chake chimadutsa mtunda wautali mu mpweya wa ozoni, kotero UVB imachepa msanga pamene kuwala kwa buluu kukadalipo kokwanira. Madzulo ndiyo nthawi imene makaniko amapeza mpata wotsiriza zimene zinaunjikana masana. Madzi nawonso amasefa mofananamo. UVB imathera pafupi ndi pamwamba, pamene kuwala kwa buluu ndiko kumalowa pansi kwambiri m'madzi oyera. Kansomba kakatsika pang'ono kamachoka pamene pali chowononga koma kamakhalabe pamene pali chokonzera. Kuya kwake kumadalira madziwo. M'madzi amatope a mtsinje wosefukira nthawi ya dzinja UVB siipita patali, koma m'madzi oyera ngati a kuzilumba za nyanja ya Malawi imatsika mamita angapo.

Nanga nsomba yosaona dzuwa n'komwe? Pansi pa chipululu cha ku Somalia pali madzi a m'mapanga mmene mumakhala kansomba kotchedwa Phreatichthys andruzzii. Kalibe maso, kalibe mamba, khungu lake ndi lotuwa, ndipo makolo ake akhala mumdima zaka mamiliyoni. Gulu la Nicholas Foulkes ku Karlsruhe, m'dziko la Germany, linakayerekeza ndi zebrafish n'kufalitsa zotsatira mu 2018. Tiana ta zebrafish towalitsidwa ndi UV tinkapulumuka bwino tikaikidwa pa kuwala. Tiana ta nsomba ya m'phanga tinkafa chimodzimodzi, kaya pa kuwala kaya mumdima. Atayang'ana majini anapeza kuti ena a photolyase anaduka panjira moti sapanganso puloteni yathunthu, ndipo jini ya photolyase ya CPD ilipo koma kuwala sikuidzutsanso. Kumalo kopanda dzuwa, kuwonongeka kwa majini amenewa sikunkapha nsomba iliyonse, ndiye kunangopitirira kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana. Koma si nsomba zonse za m'mapanga zinatero. Ya ku Mexico, Astyanax mexicanus, ikadali ndi photolyase, mwinanso imapanga yochuluka kuposa abale ake a mumtsinje.

Nkhani ya ku Somalia imatikhudza ifeyo, abale anga, chifukwa nafenso makanikoyu tilibe. Chimanga cha kumunda chili naye. Nkhuku, chule, yisiti wofufumitsira mandasi, onsewa ali naye. Ngakhale nyama zolera ana m'thumba, monga opossum wa ku South America, zili naye. Koma munthu, mbuzi, ng'ombe, mbewa, galu, ndi nyama zonse zimene mwana amakulira m'mimba ndi nsengwa, zinamutaya. Chimene tinatsala nacho ndi mapuloteni apachibale otchedwa cryptochrome, amene sakonza DNA koma amathandiza thupi kusunga nthawi ya kugona ndi kudzuka. Ofufuza ambiri amaganiza kuti makolo akale a nyama zoyamwitsa anali tinyama toyenda usiku, tobisala m'mauna masana pa nthawi ya ma dinosaur, ndipo anataya photolyase monga inachitira nsomba ya m'phanga ija. Ganizoli ndi lomveka ndipo nsombayo ikulipatsa mphamvu, koma nsomba imodzi ya m'phanga si mboni yoona ndi maso zimene zinachitika zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Ine ndimalitenga ngati ganizo labwino, osati chigamulo.

Chotsimikizika n'chakuti ife tatsala ndi makaniko wa nyundo yekha. Pali anthu ochepa amene amabadwa makaniko ameneyunso asakugwira ntchito. Matenda ake amatchedwa xeroderma pigmentosum, ndipo James Cleaver ndiye anaonetsa mu 1968 kuti gwero lake ndi kulephera kukonza DNA. Ana otere amadwala khansa ya pakhungu akadali aang'ono. Za abale athu achialubino n'zosiyana. Kwa iwo makaniko ali bwinobwino, chimene chikusowa ndi melanin, utoto wa pakhungu umene umatchinga cheza chisanafike pa DNA. Mfundo zimauma zambiri kuposa zimene makaniko mmodzi wochedwa angamasule, n'chifukwa chake chipewa cha mlomo waukulu, malaya a manja aatali, mafuta oteteza khungu ndi kupewa dzuwa la pamutu sizinthu za mwanaalirenji kwa iwo. Ndipo pasapezeke wina womva nkhani ya nsombayi n'kumati khungu lowauka lichira likaotheranso dzuwa la madzulo. Kwa usipa mwina, kwa munthu kumeneko n'kuwonjezera mfundo zouma.

Ena anayesa kubwereka makanikoyu. Mu 2000 ofufuza a ku Düsseldorf anatenga photolyase ya kachilombo ka m'madzi kotchedwa Anacystis nidulans, n'kuiika m'timatumba tamafuta tating'onoting'ono totha kulowa pakhungu. Anapaka pakhungu la anthu limene linali litawalitsidwa ndi UVB, kenako n'kuliika pa kuwala kodzutsa puloteniyo. Mfundo za CPD zinachepa ndi pakati pa 40 ndi 45 pa 100 zilizonse. Lero makampani ena amaika photolyase m'mafuta oteteza ku dzuwa, ndipo amawagulitsa modula. Musanatulutse ndalama, kumbukirani kuti pa mayeso ajawo mfundo zoposa theka zinatsalabe pakhungu, ndipo puloteni yopakayo imatha, khungu silipanga ina.